Mahekitala "apezeka", nanga mafutawo ali kuti?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa owerenga wina, akuti anagula timasheya mu kampani ina yaing'ono yodzala jatropha, mtengo womwe njere zake amafinya mafuta opangira biodizilo (dizilo wochokera ku zomera), ndiye lipoti la chaka chino langodzaza mahekitala omwe "apeza", ma MoU (makalata a kumvana) omwe asayinirana ndi zithunzi za nazale yobiriwira bwino. Funso lawo nlakuti kodi pulojekitiyi ikuyendadi, awonjezere ndalama kapena ayi?

Achimwene, ine nazale sindiiwerengera nkomwe. Mbande ya m'chubu yothiriridwa m'mawa ndi madzulo imakongola kulikonse. Nkhani imayambira kumunda, ndipo pamenepo funsani zinthu zimene malipoti amakonda kuzisakaniza dala: malo omwe apatsidwa, malo omwe adzaladi, ndi mitengo yomwe yapulumuka chilimwe choyamba. Manambala amenewa amasiyana kutalitali, kampani ikangokupatsani loyambalo dziwani kuti enawo ndi ochititsa manyazi.

Jatropha imatenga zaka ngati 3 mpaka 5 kuti iyambe kubereka mokwanira, ndipo mafuta mu njere zake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndiye mukamva matani a njere gawani kaye musanayambe kusangalala. Komanso zipatso zake sizipsa pamodzi, anthu amathyola ndi manja kubwerezabwereza, malipiro a aganyu amadya phindu mwakachetechete, ndipo zotsalira akafinya mafuta zili ndi poizoni, simungangozigulitsa ngati chakudya cha ziweto ngati mmene achitira ndi soya.

Izi tinaziwonapo kale. Cha m'ma 2007 aliyense ankati jatropha imabereka ngakhale pa nthaka yoguga yopanda mvula. Kampani yaikulu ya mafuta ya BP inalowa mgwirizano wolima jatropha ndi kampani ya biodizilo ya D1 Oils ya ku UK chaka chomwecho, pofika 2009 inali itatulukamo. Kampani ina ya Sun Biofuels inatenga malo olimapo jatropha ku Kisarawe ku Tanzania, mu 2011 inagwa. Mtengowo pouma sufa inde, koma kusafa ndi kubereka nzosiyana, kuti ubereke umafuna madzi ndi feteleza ngati mbewu ina iliyonse. Kuwonjezera apo mtengo wa mafuta a pansi unachoka pa madola 147 pa mgolo mu July 2008 nkutsika mpaka pansi pa madola 40 chaka chisanathe, masamu onse a biodizilo anasokonekera pompo, poti mtengo wake umatsatira dizilo wamba.

Za MoU zo, imeneyo ndi kalata yongosonyeza chidwi basi, aliyense atha kusayina ndi kumwetulira pa kamera. Funsani ngati pali kontirakiti yeniyeni yonena wogula, matani angati, pa mtengo wanji, komanso fakitale ili mtunda wautali bwanji ndi minda chifukwa thiransipoti nayo siyocheza.

Kenako tsegulani tsamba lomwe ambiri timalidumpha, la ndalama. Onani zomwe zatsala ku banki, gawani ndi zomwe akuwononga pamwezi, muwone ngati zifika pa zokolola zoyamba. Zikapanda kufika ndiye kuti agulitsa masheya atsopano, anuwo nkuchepa mphamvu. Muyerekezenso malipiro a mabwana ndi ndalama zopita kumunda, apa mpomwe ine ndimakonda kuseka.

Pa zomwe mwanditumizirazi ine sindingawonjezere ngakhale pang'ono. Alembereni, afunseni makilogalamu a njere pa hekitala kuchokera m'minda yawo yakale kwambiri, olembedwa pa sikelo osati oyerekeza, ndipo akakuyankhani munditumizire ndiwone.