Mwana akumangomenyana ndi anzake ku sukulu, ndimuuze azibwezera?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Blantyre, dzina sinditchula. Akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 7, ali Sitandade 2, temu ino wabwera kale katatu yunifolomu itang'ambika. Akamufunsa nkhani yake imangokhala ya pensulo kapena kuti wina anamudutsa pa mzere wa phala. Bambo ake akuti "mwamuna salira, akakumenya nawe bwezera", pomwe mayiwo amamuuza kuti azikanena kwa aphunzitsi. Ndiye akufunsa kuti akulondola ndani.

Mayi, ndisakunamizeni, nonse awiri mwamupatsa mwanayo njira zosafika. Za kubwezerazo tisataye nazo nthawi, tsiku lina adzakumana ndi wamkulu thupi kumuposa kapena adzaponya mwala n'kuboola mwana wa eni m'mutu, bambo akewo ndi amene adzayende ku chipatala ndi ku ofesi ya ahedi. Koma nanunso "kanene kwa aphunzitsi" muiganizire bwino. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 makalasi ang'onoang'ono anadzadza, m'sukulu zambiri za boma madamu mmodzi amakhala ndi ana opitirira 100, ena mpaka pansi pa mtengo, ndiye mwana wanu akafike kuti "madamu uyu wanditengera pensulo" pomwe ena khumi akulira ena akupempha kupita ku toileti, mukuganiza ayankhidwa chani? Amangouzidwa kuti kakhale pansi, basi. Iye amabwerera mtima uli phuliphuli, anzake ayamba kale kumunena kuti ndi kazitape, chotsala ndi chibakera.

Chimene mwana wa zaka 7 amasowa ndi mawu. Ife akulu timaiwala kuti kunena kuti "zimenezo sindikufuna" tinachita kuphunzira. Mwana akapsa mtima dzanja limafika msanga kuposa pakamwa, ndiye ntchito yanu ndi kumuikira mawuwo pafupi. Ochepa chabe: "siya, sindikufuna", "ndibwezere pensulo yanga", "tiye tizisinthana". Ndipo kungomuuza sikukwanira ayi, muchite naye ngati masanje. Madzulo mukudikira nsima inu mukhale mnzake wovutayo, mumulande kapu, iye ayankhe mokweza akukuyang'anani m'maso, kenako musinthane iye akhale wolanda. Aziseka, zilibe kanthu, bola pakamwa pazolowere. Akanena kawiri mnzakeyo osamva, achokepo, apite kwa monitala kapena madamu, ndipo akanene kuti "ndamuuza kawiri sakumva". Mphunzitsi wotopa amamvera mwana wofika choncho kusiyana ndi wongolira.

Akabwera atamenyana musayambe ndi "walakwa ndani". Adye kaye, mwana wanjala sazengedwa mlandu. Kenako muchite zimene amachita a mfumu pa bwalo, aliyense amapatsidwa mpata wake osamudula pakamwa. Zinayamba bwanji? Iwe unatani? Funso limene ine ndimalikonda ndi lakuti "mnzakoyo akanakhala pano akanati zinayamba bwanji?" Apa ndi pamene mumamva kuti eee, pensuloyo anachita kubwereka dzulo osabweza kkkk. Ana athu si angelo tonse tikudziwa.

Chinanso cha pa bwalo, mlandu sumatha ndi "pepani" yekha, pamakhala nkhuku. Ife timakonda kugwira ana awiri m'makutu kuti "pepesa, gwiranani chanza", mwana amanena pepa wa pakamwa nkhope itatupa, akatuluka pa geti ayambiranso. Ngati wathyola rula ya mnzake, ndalama yake ya mandasi ya masiku awiri igule ina ndipo akapereke yekha ndi dzanja lake. Ngati anamugwetsera phala, mawa amugawireko lake.

Ndikuuzeni zanga zochititsa manyazi. Mwana wanga wamkazi atakandidwa kumaso ndinamanga chitenje mpaka kwa make mnzakeyo, tinatukwanizana anthu a pa mpopi onse akuonerera. Mawa lake ndikutuluka m'nyumba ndinapeza awiriwo akusewera phada pa khonde langa lomwe, ife akuluakulu tinatha miyezi osapatsana moni. Mitengo yoyandikana imaperesana, ana amaiwala msanga, amene timasunga ndife. Komanso tikamamukwapula mwana chifukwa wamenya mnzake, chimene iye amatolapo ndi chakuti wamphamvu ndi amene amamenya.

Koma pali pena pamene simuyenera kumusiyira yekha. Kukangana kwa ana ofanana misinkhu lero adana mawa agawana chimanga chootcha ndi kwina, kuzunzidwa ndi kwinanso. Mukaona kuti ndi mwana yemweyemweyo tsiku ndi tsiku, makamaka wamkulu uja wobwereza kalasi, akumulanda ndalama kapena chakudya, mwana wanu wayamba kudwala m'mimba m'mawa uliwonse koma Loweruka ali bwinobwino, kapena wayambanso kukodza pogona, pamenepo mawu atatu aja sathandiza. Pitani nokha kwa aphunzitsi ake, osati pa geti mukukalipa koma muwapemphe kamphindi pa buleki. Zikapanda kusintha pitani kwa ahedi, komiti ya sukulu iliponso, amayi a mother group nawonso amawadziwa bwino ana ndi makolo a m'deralo. Zikafika povulazana kapena zogwiranagwirana malo osayenera imbani 116, ndi nambala yaulere yothandiza ana.

Za bambo akewo, musakangane nawo pamaso pa mwana. Apempheni kuti pa masanje aja iwo ndi amene akhale wolanda pensulo, azibambo gawo limenelo amalikonda. Mudzandilemberenso temu ikamatha mundiuze ngati yunifolomu yapulumuka.