Achemwali, musazipake penti mbalame zanuzo

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati mwagula kabokosi ka tiabakha ndi timbalame tina tosema tisanu ndi tiwiri pamene ankagulitsa katundu wa m'nyumba ya malemu ena kufupi ndi Cape Cod, dera la kunyanja ku Massachusetts m'dziko la America, kamodzi n'kothyoka mlomo, penti yachita mbuu, ndiye mukufuna kutitsuka ndi kutipaka penti yatsopano kuti tikongoletse pabalaza. Mwafunsanso ngati tingakhale ndi mtengo. Chonde, burashiyo iyambe yadikira. Musatsuke, musapake mafuta, musamate guluu. Kwathu tinazolowera kuti chiboliboli chikathima timachipaka polishi wa nsapato n'kuchipukuta mpaka chiwale, ndipo pa mtengo wa phingo zimayeneradi. Koma pa mbalame izi chuma chonse chagona pa penti yoyambirira ija, yomwe inu mukuiona ngati yatha ntchito.

Ndikulankhula chonchi chifukwa ndinalakwitsapo. Kabakha kanga koyamba ndinakapukuta ndi mafuta opakira mipando. Kanawala tsiku limodzi, kenako mafuta analowa m'ming'alu ya penti, pachifuwa poyera panasanduka pachikasu mpaka lero. Ndikakayang'ana mtima umandipwetekabe, chifukwa kanakhala bwinobwino zaka zambirimbiri kasanafike m'manja mwanga.

Kuti mumvetse chimene mwagwira, muyenera kudziwa kumene zinachokera. Alenje a ku America ankasema abakha ndi atsekwe a mtengo, aakulu ngati enieni, n'kuwayandamitsa pamadzi ngati nyambo, kuti abakha am'tchire akamadutsa aone ngati anzawo atera pamalo abwino. Nzeruyi ndi yakale kwambiri. Mu 1924, m'phanga la Lovelock ku Nevada munapezeka abakha olukidwa ndi bango amene eni nthaka anapanga zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kupha mbalame kunali bizinesi, zinkapita ku misika ya Boston ndi New York m'migolo, ndipo mitundu ina inatsala pang'ono kutha. Lamulo loteteza mbalame zosamuka la 1918 linathetsa malonda amenewo, ndipo pasanathe zaka zambiri kuwombera mbalame zambiri za m'mphepete mwa nyanja kunaletsedwa. Amisiri amene ankadya za nyambo anayenera kupeza kolowera. Ambiri anayamba kusema timbalame tating'ono tokwana m'chikhatho, togulitsa kwa alendo odzapuma kunyanja ndi kwa alenje ofuna kuika pashelefu mbalame zimene ankazikonda.

Poti mwagulira kufupi ndi Cape Cod, dzina loyamba kuliganizira ndi la A. Elmer Crowell wa ku East Harwich, ku Cape Cod komweko, amene anabadwa mu 1862 n'kumwalira mu 1952. Anali mlenje komanso mlimi wa zipatso za cranberry, ndipo kwa zaka zingapo ankayang'anira malo osakirako abakha a Dr. John C. Phillips ku Wenham Lake. Mbalame ankazidziwa ndi maso ake ndi manja ake, ndipo zimaoneka pa penti yake. Ankasakaniza mitundu penti idakali yaiwisi, moti nthenga imalowerera mu inzake mofewa, popanda mzere woumauma. Mukaika ka Crowell pafupi ndi kongotengera, simufunanso wina wokuuzani: kongotengerako kamaoneka ngati kavala yunifolomu, ka Crowell ngati kangotsala pang'ono kugwedeza mutu. Mu 2007 nyambo zake ziwiri zazikulu, bakha wa mtundu wa pintail akudzikonza nthenga ndi tsekwe wogona, zinagulidwa pa madola 1.13 miliyoni iliyonse. Tating'ono sitifika kumeneko ayi, poti iye ndi mwana wake Cleon anasema tambirimbiri, komabe kamodzi kabwinobwino kamatha kugulidwa pa madola masauzande angapo.

Ndiye choyamba, sambani m'manja, muumitse, mugwire kambalame kalikonse pa tsinde pake, osati pamutu, n'kukatembenuza. Crowell nthawi zambiri ankakhazika mbalame pa kachulu ka mtengo kopakidwa ngati mwala. Pansi pake mungapeze chidindo cha makona anayi chokhala ndi dzina lake ndi East Harwich, kapena chidindo cha inki, kapena kapepala ka buluu komata. Tina tili ndi dzina la mtundu wa mbalameyo lolembedwa ndi pensulo, tina nambala, chifukwa tina tinkagulitsidwa m'magulu. Kapepalako ngakhale katang'ambika, musakamatule. Zolemba za pensulozo musazifute.

Mukapanda kupeza dzina la Crowell musagwe mphwayi. Joseph Lincoln wa ku Accord, ku Massachusetts komweko, amene anamwalira mu 1938, ankasema mosachulutsa zokometsera, mizere yolongosoka, penti yosanjika bwino, ndipo ena timamukondera chimenecho. George Boyd wa ku Seabrook, New Hampshire, anali wosoka nsapato. Mbalame zake mumazizindikira ndi timizere tating'onoting'ono ta burashi tondondozana thupi lonse, ndipo penti yake nthawi zambiri imakhala ndi timing'alu ngati matope ouma a m'dambo. Timing'alu timeneto si chilema choti mukonze. A. J. King wa ku North Scituate, Rhode Island, ankasema tating'ono zedi, tambala ndi thadzi, nthawi zina ndi anapiye awo, pa kachipsinjo ka mtengo, dzina lake n'kulilemba m'mbali ndi zilembo zofuna galasi lokuzira. Palinso Wendell Gilley wa ku Southwest Harbor, Maine, amene ntchito yake inali ya mapaipi, ndipo lero kuli nyumba yosungiramo mbalame zake kumeneko.

Koma ndikuuzeni mosabisa: chidindo chokha si umboni. Pomwe pali ndalama, akathyali sasowa, ndipo zidindo zabodza zilipo. Komanso timbalame tambiri topezeka m'nyumba zakale ndi ta m'fakitale, tina toumbidwa ndi pulasitiki yolemera yooneka ngati mtengo. Yang'anani pansi ngati mizere ya mtengo ikuoneka, ndipo fufuzani m'mbali ngati pali kamzere kosonyeza pamene chikombole chinakumana. Mbalame ziwiri zikafanana ndendende mpaka kachipsera, dziwani kuti sizinatuluke pa mpeni. Mukapeza tochi ya kuwala kwa UV (kuwala kwapadera koonetsa zimene sizioneka pa kuwala wamba), imene imagulitsidwa motchipa, zimitsani magetsi muunike: pamene wina anadzapakapo penti pambuyo pake nthawi zambiri pamaoneka mosiyana ndi ponseponse, makamaka pakhosi, pamlomo ndi kumchira, malo amene amathyoka kawirikawiri.

Za mlomo wothyokawo, ngati kachidutswako kali m'bokosi, kakulungeni m'kapepala kofewa, mukaike mu envulopu, mulembepo kuti n'ka mbalame iti. Mbalame za m'mphepete mwa nyanja monga yellowlegs ndi curlew zili ndi milomo yaitali yopyapyala ngati chitsotso, ndiye kuthyoka n'kofala, ndipo alipo amisiri amene ntchito yawo ndi kukonza zimenezi. Mlomo wokonzedwa ndi katswiri umatsitsa mtengo pang'ono. Guluu wa pagolosale akadontha pa penti, kuchotsa kwake kumachotsa ndi penti yomwe.

Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma, basi. Musatiike pawindo pofika dzuwa, kapena pamwamba pa chotenthetsera nyumba, chifukwa m'nyengo yozizira mpweya wa m'nyumba za kuno umauma kwambiri ndipo mtengo umang'aluka. Mukadzafuna kupita nato kumudzi, musatikhazike pansi kapena motsamira khoma kumene chiswe chingafike.

Jambulani kalikonse mbali zonse ziwiri, kutsogolo, pamwamba, ndi pansi makamaka, pa kuwala kwa masana, mutaika rula pambali. Zithunzizo mungatumize ku makampani a okushoni odziwa za nyambo, monga Copley Fine Art Auctions ku Massachusetts kapena Guyette & Deeter ku St. Michaels, Maryland. M'makatalogu awo akale muli zithunzi zambiri zoti mufananitse. Mukapeza mpata, pitani ku Shelburne Museum ku Vermont mukaone nyambo zenizeni ndi maso. Ine maso anga anatseguka kumeneko. Ndipo lembani pakapepala tsiku limene munagula, tauni yake, ndi chilichonse chimene a pabanjapo anakuuzani za malemuwo, chifukwa mbiri ya kumene chinthu chadutsa imawerengedwa nayonso.

Wina akakulemberani kumbali lero kuti akupatsani madola 200 pa bokosi lonse, musayankhe msanga. Ikani kaye zithunzi za pansi pa zonse zisanu ndi ziwiri pano, tione limodzi, makamaka kothyoka mlomo kaja.