Lilongwe mpaka Blantyre pa ndege: ndi maminitsi angati?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo, akuti ali ndi intavyu ku Blantyre Lolemba m'mawa ndiye akufuna kudziwa kuti pa ndege ndi mtunda wautali bwanji, zimatenga nthawi yaitali bwanji, komanso ngati angathe kunyamuka tsiku lomwelo.

Amayi, zikomo pondilembera. Kuchoka pa eyapoti ya Kamuzu (KIA) kukatera ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 245 mukayeza mowongoka ngati mmene iwulukira mbalame, pomwe pa msewu wa M1 wodzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa amapitirira 300. M'mwambamo mumangokhalamo maminitsi 40 kapena 45 basi. Malawi Airlines imayendetsa Dash 8 Q400, ija ya mapulopela awiri, komanso Boeing 737, ndipo pa kamtunda kakafupi chonchi sizisiyana kwenikweni, ndege ikangomaliza kukwera posakhalitsa mumamva akulengeza kuti mangani malamba tayamba kutsika. Mukapeza mpando wa pawindo kunja kuli kowala muyang'ane pansi chakumapeto kwa ulendo, mtsinje wa Shire umaoneka ngati kachingwe konyezimira, ine mpaka lero ndimauyang'anabe ngati koyamba.

Koma chomwe ndikufuna mumvetsetse ndi ichi, musamangowerenga maminitsi a m'mwamba okhawo ayi. KIA ili ku Lumbadzi, makilomita ngati 25 kuchoka mtauni, ndipo m'mawa pa Kanengo pamakhala mathiraki ndi maminibasi moti mutha kutaya ola lathunthu panjira. Pa eyapoti pamafunika mufike kudakali ola ndi theka kuti muchekine, muperekenso chikwama ndi kudutsa posecha paja. Mukatera ku Chileka mudikira chikwama, kenako takisi makilomita 16 kudzera pa Kameza kulowa mtauni. Mukaphatikiza zonsezi, kuchoka pakhomo panu kukafika pa ofesi yomwe mukupita ndi maola atatu ndi theka kapena anayi. Basi yabwino imatenga maola anayi ndi theka mwina asanu, ndiye mukuona kuti kusiyana kwake sikwakukulu monga anthu amaganizira, chomwe mumagula pa ndege kwenikweni ndi kufika musanatope.

Tsopano zonyamuka tsiku lomwelo, ine ndikukana ndithu. Ndege zapakati pa mizinda iwiriyi sizichuluka patsiku, ina ikangochedwa kapena kusinthidwa nthawi palibe yoti mudumphire pompo. Zinandichitikirapo nthawi ya dzinja, tinakhala pa benchi maola awiri kudikira kuti mvula ikate, msonkhano womwe ndinkathamangira ndinaupeza anthu akutsanzikana. Intavyu si yoti mungaiyike pa chiswe chonchi amayi. Nyamukani Lamlungu, kaya pa ndege kaya pa basi ngati tikiti yakwera mtengo, mukagone ku Blantyre kwa abale kapena pa loji yapafupi ndi ofesiyo, Lolemba mudzuke musite zovala zanu mtima uli m'malo. Ndipo musaiwale chiphaso chanu chaunzika, amachifuna pochekina.