Kwa bambo ofuna kutsitsa ng'ombe zamkaka pa doko la Beira

Mwa makalata amene ndalandira pa imelo mwezi uno, ilipo imodzi imene ndaiwerenga mobwerezabwereza. Yachokera kwa bambo ena a ku Thyolo amene akugwira ntchito ku Britain, ndipo akuti asunga ndalama zoti agule ng'ombe zamisoti za mtundu wa Jersey, azikweze sitima yapamadzi mpaka ku Beira, kenako pa lole mpaka kumudzi. Akufunsa kuti, popeza ng'ombezo zidzatha milungu ingapo panyanja osakumana ndi chiweto china, n'chifukwa chiyani a zaziweto akuti zidzabindikiritsidwenso zikafika, ndipo kodi palibe njira yodulira masikuwo.

Bambo, cholinga chanu ndi chabwino ndipo ndikuchilemekeza, koma funso lanu lachiwirilo landikhudza pamalo powawa, choncho mundilole ndiyambire kutali.

Ine ndinakulira m'chigwa cha Shire, m'boma la Chikwawa, kumene fizi ya sukulu, ndalama ya kuchipatala ndi ndiwo za pamaliro zonse zimatuluka m'khola. Bambo anga anali ndi khola losachititsa manyazi. Chaka china, ndili ku sekondale, wamalonda wina wa m'dera lathu anakagula ng'ombe zotsika mtengo kutsidya kwa malire n'kuziwolotsa usiku, popanda kalata ya mlangizi wa ziweto. M'mawa mwake zinali kale padambo pamodzi ndi za mudzi wonse, kudyera msipu umodzi ndi kumwera pa dziwe limodzi. Zinali zonenepa, zaubweya wosalala, ndipo akuluakulu anazizungulira n'kuziyamikira. Palibe amene akanaloza imodzi n'kunena kuti iyi ikudwala.

Posakhalitsa abusa anayamba kudandaula kuti ng'ombe zikukana msipu ndipo zikutsalira m'mbuyo pobwerera madzulo. Ndimakumbukira bwino m'mawa umene bambo anatsegula pakamwa pa ng'ombe yathu yaikazi imene tinkaikama. Malovu ankalendewera mpaka pansi, lilime linali ndi matuza, ndipo pamene analigwira khungu lake linasendeka n'kutsalira m'dzanja lawo. Pakati pa ziboda panali zilonda, moti inkaima mosinthanitsa miyendo. Mkaka unauma. Ng'ombe zikuluzikulu zambiri zinachira, monga mmene matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi amachitira, koma ana a ng'ombe ena ankangopezeka atafa m'khola m'mawa, chifukwa kachilomboka kamawagwira mtima.

Chimene chinatigwetsa kwenikweni chinabwera pambuyo pake. Boma linatseka misika ya ng'ombe, linaletsa kupha ndi kutulutsa nyama m'deralo, ndipo pamsewu wokwera ku Blantyre anthu ankatsika m'galimoto kukaponda mankhwala. Bambo anali atapatula nkhunzi imodzi yoti igulitsidwe kuti ine ndilipire fizi. Kunalibe koigulitsa. Ogula ena ankabwera usiku ndi mtengo wachipongwe, akunena kuti adziwa okha podutsira, koma bambo anakana, ndipo ine ndinakhala pakhomo anzanga ali m'kalasi. Ng'ombe zangolo zinali zikutsimphina, thonje linakhala m'nyumba osapita kumsika. Wamalonda uja anali atagulitsa kale zina mwa ng'ombe zake matenda asanaonekere, ndipo mwa anthu onse a m'mudzimo ndiye amene anataya zochepa. Ndikudziwa kuti m'chigwa cha Shire matendawa amachokeranso ku njati za ku Lengwe, ndipo si mliri uliwonse umene umabwera ndi ozembetsa, koma wathuwo tinauona ukulowa ndi maso athu.

Mwina mukuti nkhani ya ng'ombe zowoloka malire usiku ndi yosiyana ndi yanu, popeza inu mukufuna kudzera pa doko, masana, ndi ziweto za pa famu yaukhondo. Mbiri ya dera lathu lino ikukutsutsani, chifukwa miliri yoopsa kwambiri ya ng'ombe imene inagwa kum'mwera kwa Africa inatsika m'sitima, pa madoko odziwika, ndipo oibweretsa anali anthu olemekezeka. M'chaka cha 1887 asilikali a ku Italy anatsitsa ng'ombe zochokera ku India pa doko la Massawa, m'dziko limene lero ndi Eritrea, kuti azidya. Zinabwera ndi mliri wa rinderpest. Ku Ethiopia unapha ng'ombe zolimira ndipo kunagwa njala yoopsa kuyambira 1888 mpaka 1892. Unatsika ndi kum'mawa kwa Africa, n'kufika kumpoto kwa nyanja ya Malawi mu 1892, kumene unasesa makola a Angonde a ku Karonga. Mtsinje wa Zambezi unautchinga kwa zaka zingapo, koma mu 1896 unafika ku Bulawayo, ndipo chaka chotsatira unali ku Cape. M'madera ambiri, pa ng'ombe khumi zilizonse inkatsala imodzi. Njati ndi nyama zina zakutchire zinafanso. Dziko lapansi linalengeza kuti rinderpest watheratu mu 2011, patapita zaka zoposa 120 chitsitsireni ng'ombe zija.

Ndipo pa Beira penipenipo, doko limene mwasankha, panachitika zina. Makola atapululuka, atsamunda a ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, motsogozedwa ndi Cecil Rhodes anafuna kuwadzazanso mwamsanga. Anaitanitsa ng'ombe ku Australia, zimene zinatsikira pa Beira, ndipo zambiri zinafa zisanapindulitse aliyense, chifukwa zinalibe chitetezo ku matenda a nkhupakupa za kuno. Mu 1901 anatsitsanso ng'ombe zochokera ku gombe la dziko limene lero ndi Tanzania n'kupita nazo ku Umtali, kumene tsopano timati Mutare. Izi zinali zozolowera matenda a kwawo, choncho zinkaoneka zathanzi, koma zinanyamula chigodola cha ng'ombe, matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa. Chinafalikira ku Rhodesia mpaka ku South Africa, ndipo dziko la South Africa linalimbana nacho ndi madibi, mipanda ndi kupha ziweto mpaka m'zaka za m'ma 1950. Ngakhale bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse, limene lero limatchedwa WOAH, linabadwa chifukwa cha sitima: mu 1920 ng'ombe za ku India zopita ku Brazil zinaima pa doko la Antwerp n'kusiya rinderpest ku Belgium, ndipo mu 1924 mayiko anagwirizana zokhazikitsa bungwelo ku Paris.

Choncho ndinene mosapita m'mbali. Munthu amene amafuna kudula masiku a mbindikiro amakhala akutchova juga ndi ng'ombe za anthu ena, amene sanamupatse chilolezo ndipo sadzagawana naye phindu. Ine munthu wotero sindimumvera chisoni ziweto zake zikalandidwa, kaya ndi wozembetsa wa kumalire kaya ndi mwini famu wovala suti amene ali ndi mnzake ku ofesi. Kunena zoona, wachiwiriyu ndiye amandikwiyitsa kwambiri, chifukwa anapita kusukulu ndipo akudziwa chimene akuchita.

Sitima si khola la mbindikiro

Ganizo lakuti milungu ya panyanja iwerengedwe ngati mbindikiro limamveka lanzeru, koma silikugwirizana ndi mmene matenda amayendera. Mbindikiro umatanthauza kuti ziweto zili pamalo amodzi odziwika, palibe cholowa kapena chotuluka, ndipo dokotala wa boma amaziona, kuziyeza kutentha kwa thupi ndi kuzitenga magazi. M'sitima ziweto zimapanikizana, zimapuma mpweya umodzi wotentha wodzaza fungo la mkodzo, ndipo kutopa kumafooketsa chitetezo cha m'thupi. Ngati imodzi yanyamula kachilombo, kamadumphira kwa ina, kenako kwa ina, moti imene yatenga matenda dzulo lake imatsika pa doko ikuoneka bwinobwino. Sitima imaimanso m'madoko ena, kumene imakweza udzu, madzi ndi anthu.

Masiku nawonso sasankhidwa mwachisawawa. Malamulo a WOAH amawerengera masiku 14 kuti matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi aonekere, koma matenda opatsirana a m'mapapo a ng'ombe, amene avutitsa Tanzania ndi kumadzulo kwa Zambia, amawerengeredwa miyezi isanu ndi umodzi. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chimene chilipo ndithu kum'mwera chakumadzulo kwa England ndi ku Wales, chimatha kukhala m'chiweto nthawi yaitali popanda chizindikiro, ndipo chimapezeka poyeza basi. Anthu akumwa mkaka wosawiritsa akhoza kuchitenga.

Palinso chimene ambiri sachiganizira, chomwe ndi kukanidwa pa doko. Mu 2003 sitima ya Cormo Express inachoka ku Australia ndi nkhosa zoposa 50,000, ndipo dziko la Saudi Arabia linazikana ponena kuti zili ndi zilonda zam'kamwa. Inayendayenda panyanja miyezi yoposa iwiri, nkhosa zikwizikwi zikufa, mpaka dziko la Eritrea linavomera kuzilandira. Mu Disembala 2020 sitima ziwiri, Karim Allah ndi Elbeik, zinachoka ku Spain ndi ng'ombe, dziko la Turkey linazikana poopa matenda a bluetongue, ndipo madoko ena atamva anakananso. Zitazungulira nyanja ya Mediterranean kwa miyezi, zinabwerera ku Cartagena, kumene ng'ombe zotsalazo zinaphedwa. Amenewo anali makampani akuluakulu okhala ndi maloya awo. Inu ndi ng'ombe zanu zochepa, mapepala anu akakhala ndi vuto pa Beira, mudzalira ndi yani? Malawi alibe doko la panyanja yamchere, choncho ziweto zanu zidzaponda nthaka ya Mozambique zisanafike pa Mwanza kapena pa Muloza, ndipo dziko limenelo lili ndi ufulu wonse wozikana.

Ngakhale zotsala za chakudya cha m'sitima zimaopedwa. Chigodola cha nkhumba, chimene alimi a ku Mchinji amachidziwa bwino, chinafika ku Georgia mu 2007, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti chinalowera pa doko la Poti, nkhumba zitadya zinyalala za m'sitima. Mtundu wa kachilomboko unali wofanana ndi wa kum'mwera chakum'mawa kwa Africa kuno. Kuchokera kumeneko chinafalikira ku Russia ndi ku Ulaya, n'kufika ku China mu 2018. Tisamaganize kuti matenda amangochokera kwa ena kubwera kwa ife.

Mfundo imeneyi ikukhudzanso thumba lanu mwachindunji. Jersey yobadwira ku Britain sinalumidwepo ndi nkhupakupa ya m'makutu imene imanyamula chigodola cha ng'ombe. Ng'ombe zathu zamakolo zimakula nacho ndipo zambiri zimapirira, koma yachilendo ikalumidwa imatupa anabele m'munsi mwa makutu, imatentha thupi, imapuma movutikira, ndipo imafa ikutuluka thovu m'mphuno. Katemera wake alipo, ndipo amapangidwa konkuno ku Lilongwe, pa likulu loona za nkhupakupa ndi matenda ake lotchedwa CTTBD, koma amafuna milungu ingapo kuti chitetezo chikhwime. Masiku amene mukufuna kudulawo ndi omwewo amene ng'ombe yanu ikanabayidwira katemerayo, kuzolowera kutentha, ndi kuphunzira kudya nsenjere ndi madeya.

Ndikanakhala inu sindikanakweza ng'ombe m'sitima n'komwe. Umuna wa nkhunzi zabwino umayenda wozizira m'thanki yaing'ono, umayezedwa usanatumizidwe, sudya, sutopa, ndipo mwana wobadwa kwa mayi wa kuno amayamba moyo atazolowera kale dziko. Alimi a mkaka a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje akweza mitundu ya ng'ombe zawo m'njira imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo misoti yosakanizidwa imagulika kwa anzanu a m'magulu a mkaka komweko, pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi ulendo wa panyanja.

Koma ngati mtima wanu watsimikiza, musalipire chilichonse kwa wogulitsa musanalembere nthambi ya boma yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto ku Lilongwe kupempha chilolezo cholowetsera ziweto. Chilolezocho ndicho chidzatchule matenda oyenera kuyezedwa, katemera, chipata cholowera, malo a mbindikiro ndi masiku ake. Muchitumize kwa dokotala wa boma wa ku Britain kuti ayeze ng'ombezo n'kusaina chiphaso cha umoyo wake, nambala za pamakutu zifanane ndi za papepala, ndipo chilolezo chodutsira m'dziko la Mozambique chikhale m'manja sitima isananyamuke. Muikiretu padera ndalama za chakudya, zoyezera magazi ndi za wosamalira ziweto m'masiku a mbindikiro, chifukwa zimenezo amalipira ndi mwini ng'ombe. Njira yodulira masikuwo palibe, ndipo zikadzafika ku Thyolo muzisungebe m'khola lakelake, kutali ndi za achibale, mpaka mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu atakhutira.