Si petulo amene akukweza inshuwalansi ya Fiesta yanu

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake a inshuwalansi kuno ku UK akukulipiritsani zambiri pa Ford Fiesta yanu ya petulo kuposa mnzanu wa Golf ya dizilo, komanso ngati akuba amakonda galimoto za petulo. Mafuta si nkhani kwenikweni. Iwo amayang'ana mtundu wa galimoto, kumene mumakhala, ndi kumene galimotoyo imagona usiku.

Fiesta yakhala ili pamwamba pa galimoto zobedwa kwambiri m'dziko muno kwa zaka zingapo. Zilipo zambirimbiri pamsewu, ndipo Ford inasiya kuzipanga mu 2023, choncho masipeya ake amayenda malonda. Ambiri akaiba sagulitsa yathunthu, amaiphwasula.

Galimoto ngati yanuyi imaikidwa m'gulu la inshuwalansi, kuyambira 1 mpaka 50, potengera kafukufuku wa bungwe la Thatcham Research. Pambali pa nambalayo pamakhala chilembo chonena za chitetezo: E ndiye kuti yapitirira muyezo ndipo gulu amalitsitsa, A yakwanira, D yaperewera ndipo gulu amalikweza, U ndiye kuti angakuuzeni muikemo chitetezo china asanakulandireni. Kayang'aneni chilembo cha yanuyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi makiyi aja osalowetsa pabowo. Neba wanga anadzuka m'mawa wina n'kupeza pakhomo pali mbee. Pa kamera tinaona anyamata awiri, wina ataima pafupi ndi chitseko cha nyumba atanyamula kabokosi, mnzake ali pagalimoto. Kabokosiko kanakoka siginolo ya kiyi imene inali pambale m'khonde, galimoto n'kutseguka ngati mwiniwake wafika. Palibe galasi linasweka, alamu sinalire n'komwe. Makampani amadziwa mitundu imene imabedwa chonchi, ndiye mtengo umakwera.

Kumene petulo ndi dizilo zimasiyanako ndi pa catalytic converter, chija chili kunsi pa paipi ya utsi. Akuba amachidula chifukwa cha zitsulo zamtengo wapatali zili m'katimo, ndipo amalondola kwambiri za petulo ndi hybrid (zoyendera petulo ndi magetsi) monga Honda Jazz ndi Toyota Auris.

Postcode, nambala ya dera limene mumakhala, nayo imaluma. Fiesta yomweyo, ikamagona pamsewu ku Birmingham kapena London, imadula kuposa yogona m'galaja kumudzi. Koma chonde musalembe kuti imagona m'galaja pomwe imagona pamsewu. Tsiku lobedwa adzafufuza, ndipo angathe kukana kulipira.

Gulani kathumba ka Faraday, kotchinga siginolo ya kiyi, muzisungamo makiyi onse, ngakhale yapadera ija, kutali ndi chitseko. Ikani loko wa chiwongolero. Mukafuna tracker yosonyeza kumene galimoto ili ikabedwa, sankhani yovomerezedwa ndi Thatcham, ya muyezo wa S5 kapena S7, ndipo muwaimbire a inshuwalansi musanagule, muwafunse ngati angakuchotsereniko mtengo, poti si onse amachotsera.