Tikufuna kugula nyumba ya mdadada ku Baltimore, tifulumire kapena tidekhe?

FUNSO: Achemwali, ndine mayi wa ana awiri, tili ku Baltimore ku America chaka chachisanu tsopano ndipo lendi yatikwana. Ine ndi bambo akunyumba tasungako kangachepe ndiye taona nyumba ina mwa zijazi zogundizana zomwe kuno amati rowhouse, ya njerwa, zipinda zogona zitatu, kitchini yatsopano yonyezimira moti ine mtima wapita kale. Koma nyumba yogundizana nayo kumanzere mulibe munthu, mawindo anakhoma matabwa. Ajenti akuti zimenezo zisatidetse nkhawa, komanso papepala palembedwa ground rent zomwe sitikuzimvetsa. Abambo akuti tichite changu ena angatilande. Tipange bwanji? Mayi wa ana awiri, Baltimore

YANKHO: Zikomo mayi polemba, ndipo ndakunyadirani kuti mwasunga mpaka kufika poganiza zogula, si zapafupi ayi. Koma kitchini ija muyambe mwaiwala kaye, aliyense wogulitsa nyumba amadziwa kuti maso athu amafikira pamenepo ndiye ndi pomwe amayambira kukonza. Nyumba ya mdadada mukagula mwagula ndi khoma la aneba omwe. Khoma lomwe mudzatsamiritseko bedi la ana ndi lomwelo lomwe lanyamula mitanda ya nyumba inayo, ndiye ine nkhawa yanga yonse ili pa nyumba yokhomedwa matabwayo.

Nyumba yopanda munthu imayamba kufa kudenga. Madenga a nyumba zimenezi ndi afulati, opaka phula kapena oyala labala, akangong'ambika pang'ono madzi amalowa ndipo palibe woika beseni kapena kuitana mmisiri. Madziwo amanyowetsa khoma lomwe mukugawanalo, inu mumangoona penti ikutupa ndi nkhungu yakuda pakona ya chipinda, mupente lero mwezi wamawa yabwereranso chifukwa gwero lake lili kwa eni ake omwe simukuwadziwa nkomwe. Makoswe nawo sadziwa malire. Choopsa kwambiri ndi moto, nyumba zambiri zakalezi zili ndi kampata pakati pa siling'i ndi denga ndipo kwina kampatako kamalumikizana ndi ka aneba, moto ukayamba uko umayenda chamumtunda inu muli mtulo. Mu Januwale 2022 ozimitsa moto atatu anafa pa South Stricker Street mumzinda mwanumo nyumba yamtundu womwewu yopanda anthu itawagwera. Ajenti wonena kuti musadandaule sadzagona nawo m'nyumbamo.

Sindikuti thawani lero lomwe. Fufuzani kaye. Nthambi ya boma la Maryland yoona za misonkho ya malo, SDAT, ili ndi tsamba pa intaneti pomwe mungalembe adilesi n'kuona mwini wa nyumbayo, ndipo khonsolo ya mzinda ili ndi mapu otchedwa CodeMap oonetsa ngati nyumba inalembedwa kuti ndi yosiyidwa komanso ngati pali chilolezo choikonza. Ngati wina waigula ndipo amisiri ayamba kale ntchito, nkhani ndi ina, mwina mwapeza mwayi mtengo usanakwere. Koma ngati yangokhala choncho zaka ndi zaka, pitani kukanjira kakuseri mukaione kumbuyo, muone ngati denga lafwamphuka kapena mtengo wamera pakhoma. Muimbirenso a inshulansi musanasaine chilichonse muwauze zoona kuti pambali pali nyumba yopanda munthu, mumve mtengo womwe akupatseni. Ine ndikanakhala inu, yadenga lobooka ndikanaisiya ngakhale kitchini itakhala yagolide.

Za ground rent musachite nazo mantha kwambiri koma musazinyozere. Ndi dongosolo lakalekale la ku Maryland loti nyumba ndi yanu koma dothi lomwe yakhalapo ndi la munthu wina, ndiye mumamulipira tindalama, kawirikawiri kawiri pachaka. Chaka cha 2007 boma linasintha malamulo anthu ena atalandidwa nyumba chifukwa cha ngongole zazing'ono za lendi imeneyi, ndipo eni dothi anauzidwa kuti azilembetsa ku SDAT komweko. Lamulo limakulolani kugula dothilo kuti lendiyo ithe, ndiye funsani a kampani yoona za mapepala a umwini akuwerengereni kuti ndi zingati, ngati n'kotheka mumalize zonse tsiku losainalo. Pepala likalembedwa kuti fee simple ndiye kuti dothi ndi nyumba zonse ndi zanu.

Chinanso mayi, inisipekita woyendera nyumbayo kuona zowonongeka mumupeze nokha ndipo mumulipire nokha, tsiku loyenderalo mukakhalepo. Mutsike naye m'chipinda chapansi panthaka chija, mununkhize, muyang'ane m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa pomwe madzi anafikapo, mukaona penti yatsopano pansi pokha pamene kumtunda ndi yakale mufunse chifukwa chake. Akwere padenga. Alowetse kamera mupaipi ya suweji chifukwa mapaipi akale amasweka ndi mizu ya mitengo ndipo kukumba n'kodula zedi. Aone mawaya a magetsi, nyumba zina kunja soketi zatsopano mkati mwa khoma mawaya a nthawi ya agogo. Ngati kumaso kwa nyumbayo anamatako miyala yabodza ija yotchedwa Formstone, yomwe inayamba mu 1937 ku Baltimore komweko, dziwani kuti ikang'aluka madzi amabisala kuseri kwake n'kumadya njerwa mwakachetechete.

Ndipo poti muli ndi ana, apa ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse. Penti ya mtovu inaletsedwa m'nyumba ku America mu 1978, pamene nyumba zambiri za mdadadazi zinamangidwa kale kwambiri chaka chimenecho chisanafike. Fumbi lake limatuluka makamaka potsegula ndi kutseka mawindo akale, mwana wokwawa amaligwira n'kuika chala mkamwa, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana osabwereranso. Wogulitsa amakakamizidwa ndi lamulo kukuuzani zomwe akudziwa ndipo inu muli ndi masiku 10 oti muyezetse. Wina akakunyengererani kuti musaine zoti simuyezetsa kuti zinthu zifulumire, kanani.

Pa ndalama ndingodutsa mwachidule. Loni ya FHA, yomwe boma la America limaiikira kumbuyo, imalola dipoziti ya 3.5 peresenti ngati credit score yanu, nambala yoonetsa mmene mumabwezera ngongole, yafika 580, koma pamakhala inshulansi ya loni yoonjezera mwezi ndi mwezi. Chomwe ambiri chimawadzidzimutsa ndi msonkho wa nyumba, mumzinda wa Baltimore ndi pafupifupi $2.25 pa $100 iliyonse ya mtengo womwe boma layika panyumbayo, kuwirikiza kawiri wa ku Baltimore County, dera lozungulira mzindawu, ndiye ya $200,000 ndi cha m'ma $4,500 pachaka. Musakhuthule thumba lonse pa dipoziti, denga likadontha kulibenso landilodi womuimbira.

Abambo auzeni kuti musanapereke yankho mupiteko katatu, Loweruka masana, madzulo anthu ataweruka, komanso usiku cha m'ma 10 koloko. Muone ngati malo oimika galimoto akupezeka poti nyumba zambiri zilibe garaja ndipo madera ena pamafunika chilolezo. Muone kanjira kakuseri, ngati mabini ali ovundikira bwino ndi mosesedwa ndiye kuti pamzerepo pali anthu osamala. Ndipo mupereke moni kwa agogo omwe muwapeze atakhala pamasitepe, amenewo amadziwa nyumba iti inasefukirapo madzi, amene anakonza nyumba yanuyo anagwira miyezi ingati, ndi mwini wa nyumba yamatabwa ija anapita kuti. Safunsa anadya phula mayi.

Ndisakuopsezeni zokhazokha, moyo wa pamdadada ndi wokoma ndithu. Nyumba yapakati imafunda m'nyengo yozizira poti mbali ziwiri zatchingidwa ndi aneba, ngakhale zipinda zapakati zimakhala zamdima chifukwa mawindo ali kumaso ndi kumbuyo basi. Masitepe oyera a mwala wa marble aja, omwe amayi akale ankawakwecha mpaka kuwala, ndi khonde, ndi bwalo, ndi pochezera pomwe, dzuwa likapepa anthu amatuluka ana n'kumathamanga kuchoka pakhomo ili kufika ilo. Pamzere wabwino katundu wanu akasiyidwa pakhomo aneba amakusungirani, mwana akachedwa kulowa pali maso khumi omuona. Ngati mzerewo uli choncho koma nyumba iyi yakanika, dikirani ina pamzere womwewo.

FUNSO: Achemwali, ine ndinagula kale yanga chaka chatha koma aneba a kumanja amaonera TV mokweza mpaka pakati pausiku, ndimamva mpaka wolengeza mpira. Ndiimbire apolisi? Bambo wosagona tulo

YANKHO: Pepani achimwene, kusowa tulo n'kowawa. Koma apolisi ayi, osati poyamba. Anthu amenewa mukhala nawo zaka, tsiku lomwe paipi idzaphulike inu kulibe ndi omwewo adzakuimbireni, paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mwina sakudziwa nkomwe kuti mumamva, nthawi zambiri TV imakhala yokhomedwa pakhoma logawanalo ndiye phokoso limayenda mu njerwa momwemo. Agogodereni masana muli okhazikika mtima, muwauze nthawi yomwe mumagona ndi yomwe mumadzukira kuntchito, ngati n'kotheka muwaitane alowe adzamve okha TV yawo ili choyaka. Ambiri amachita manyazi n'kutsitsa kapena kuisuntha. Kumbali yanu sunthani bedi, ikani wadiropu kapena shelefu yodzaza mabuku kukhoma limenelo, ndipo mumate ming'alu ya m'mbali mwa soketi ndi m'munsi mwa khoma poti phokoso limadzera momwemo. Mukayesa kawiri katatu iwo n'kumachitabe dala, pamenepo lembani masiku ndi nthawi zake kwa milungu iwiri kenako mukadandaule ku khonsolo poimba nambala yawo ya foni ya 311.