Ulembe mtengo uti wa katundu wako?

Mphwanga, wandifunsa zinthu ziwiri: mmene geni ya ku Joni imayendera, ndi chimene ulembe pa fomu ya ngongole pomwe akufuna mtengo wa katundu amene uli naye.

Za ulendo sizivuta. Basi imanyamuka ku Blantyre, kudzera pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka pa Park Station ku Johannesburg. Ukakaoda ku China Mall kapena ku Dragon City, misika yoodako katundu ya mumzindamo, lisiti lililonse ulisunge ngati pasipoti. Pobwera, a MRA amawerengera msonkho pa mtengo umene unagulira kuphatikiza ndalama yonyamulira, ndipo lisiti likatsika mokayikitsa amayerekeza ndi katundu wofanana naye amene anadutsa kale. Zimenezi uzidziwa pa ulendo woyamba womwe. Chimene chimagwetsa anthu ndi funso lako lachiwirilo.

Mu Novembala 2023 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mayi wina amene tinayandikana mashopu ku Limbe anali atangofika ndi mabulangete 40. Sanakweze mtengo, akuti anagula kwacha isanagwe ndipo sakufuna kubera anthu. Sabata isanathe onse anali atapita. Ndinamuona akuwerenga ndalama pa kauntala, akumanga ndi mphira mitolomitolo, nkhope ikuwala. Atapita kukagula marandi, ndalama yonse ija, mpamba ndi phindu lomwe, sinakwane ngakhale mabulangete 32. M'kope mwake munalembedwa phindu, koma pa shelefu panali potseguka. Zinandiwawa, chifukwa ndi mayi wolimbikira, wolera ana amasiye.

Makampani akuluakulu nawo amalimbana ndi vuto lomweli, kungoti iwo ali ndi lamulo. Ndinalidziwa nditagula masheya a Airtel Malawi mu 2020, pa K12.69 imodzi, n'kuyamba kuwerenga malipoti a pachaka a makampani a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange. Lamulolo ndi IFRS 13, linalembedwa ndi bungwe la IASB la ku London, lokonza malamulo a kalembedwe ka mabuku a ndalama, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2013. Limati mtengo woyenera wa chinthu ndi ndalama imene ungalandire utachigulitsa pa tsiku lowerengeralo, kwa wogula wodziwa zinthu, popanda wina wokakamizidwa. Mawu akuti "wokakamizidwa" uwamvetsetse. Ukataya nsapato pa theka la mtengo chifukwa basi ikunyamuka mawa ndipo tikiti sunalipire, umenewo si mtengo wa nsapatozo, ndi mtengo wa mavuto ako.

Lamuloli limagawa miyezo patatu, malinga ndi kumene nambala yachokera. Gawo loyamba ndi la zinthu zimene mtengo wake uli poyera tsiku ndi tsiku, monga masheya anga aja: ndimangoona mtengo wotsekera msika n'kuchulukitsa ndi masheya amene ndili nawo. Lachiwiri ndi pamene chinthu chako sichigulitsidwa kawirikawiri, koma zofanana nacho zili ndi mtengo wooneka. Ndi mmene timachitira tikamazungulira mashopu a anzathu kufunsa kuti bulangete la makilo atatu likupita pa zingati. Lachitatu ndi lovuta. Makampani a nyumba monga MPICO ndi ICON Properties sangadziwe mtengo wa nyumba ya maofesi pongoyang'ana pamsika, poti nyumba zotere sizigulitsidwa mwezi ndi mwezi. Amaitana katswiri woyeza nyumba, iye n'kuwerengera kuchokera pa lendi imene ikulowa ndi imene akuyembekeza. Apa munthu akhoza kudzikometsera, n'chifukwa chake lamulo limawakakamiza kulemba mu lipoti zonse zimene anaganizira pofika pa nambalayo. Ukadzawerenga malipoti amenewa udzaona chinthu china: nyumba ikakwera mtengo amalemba ngati phindu, chikhalirecho palibe tambala imene yalowa ku banki. Ine mzere umenewo ndimauwerenga padera, kenako ndimakafufuza ndalama zenizeni zimene zinalowa.

Koma katundu wogulitsa, wonga wathuyu, ali ndi lamulo lina, IAS 2. Limati ulembe chochepa pa ziwiri izi: zimene unawononga pomugula ndi kumufikitsa, kapena zimene ungapeze utamugulitsa n'kuchotsa zolipira pogulitsapo. Mtengo ukakwera sukweza m'buku mpaka utagulitsa. Ukatsika umatsitsa nthawi yomweyo. Ndimaliona kuti ndi lamulo lanzeru. Majekete amene atsala mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, salinso pa mtengo wa mu Juni. Madiresi amene fasho yake yapita, foni zimene zatulukiridwa ndi zatsopano, chimodzimodzi. Ngongole za anthu amene unawakongoza katundu nazo usazilembe zonse ngati ndalama. Amene anatenga nsapato n'kunena kuti alipira mwezi ukatha, miyezi isanu yadutsa ndipo foni sakuyankha, umuchotse pa mndandanda ngakhale mtima ukukana.

Tsono pa fomu ija ulembe mtengo umene unagulira, kuphatikiza msonkho ndi thiransipoti, utsitse pa katundu amene wagona, ndipo uphatikizepo malisiti. Usakweze pofuna ngongole yaikulu, chifukwa wobweza ndiwe, ndi chiwongoladzanja chake. Koma poika mtengo wogulitsira usayang'ane lisiti lakale. Funsa kuti randi ukuipeza pa zingati lero, osati pa bolodi ya banki pokha, koma pamene ungaipezedi, ndipo uwerengere kuti kubweretsa bulangete lina ngati lomwelo kukudya zingati.

Ine kope langa lili ndi mizere itatu pa katundu aliyense: wogulira, wooderanso lero, ndi umene wogula akuvomera pamsika. Ndimalikonza Lolemba lililonse m'mawa ndisanatsegule shopu. Ubwere Lolemba likubwerali cha m'ma 7 koloko ndi kope lako ndi malisiti a nsapato zija, tidzawerengere limodzi usanakapereke fomuyo. Amayi ako uwapatse moni.